Kodi Kufunsa za Malembo Oyera Ndi Kucimwa?

Tsiku lina la Mulungu madzulo akristu a mphakati wina anasonkhana patsinde pa mtengo wa mango, monga acita masabata onse, kuti awerenge Mau a Mulungu. Tsikulo anawerenga mitu iwiri yoyamba ya buku la Genesis. Atatha kuwerenga, mnyamata wina wa pa sukulu anapempha mpata, nati: "Pepani akuruakuru, pali cimene candizunguza mutu. M'mutu woyamba zomera ndi nyama zilengedwa poyamba, ndipo munthu adza potsiriza, mwamuna ndi mkazi pamodzi. Koma m'mutu waciwiri mwamuna aumbidwa poyamba, mitengo ndi nyama zidza pambuyo pace, ndipo mkazi ndiye wotsiriza. Nanga coona nciti?" Mkuru wina wa mpingo, munthu wokonda kupemphera amene sindifuna kumcepsa konse, anamdzudzula pamaso pa onse, nati: "Khala cete, mwana iwe! Mau a Mulungu safunsidwa. Sukulu yakoyo ili kukuononga." Mnyamatayo anakhaladi cete, ndipo kuyambira tsiku lomwelo sanaonekenso ku mphakati.

Abale anga, ndalemba nkhani iyi kuti nditsutse mau a mkuru uja, pakuti si iye yekha amene anena cotero. Mau amenewa amveka m'midzi yambiri, ndipo ali kuthamangitsa ana athu m'nyumba ya Atate wao. Ndinena mosabisa kuti mnyamata uja anawerenga bwino, ndipo mkuru uja anayankha molakwa. Iye anayesa kuti ali kuchinjiriza cikhulupiriro, koma cimene ananenaco sicili ciphunzitso ca Eklezia Katolika.

Tiyambe ndi cimene Eklezia aphunzitsa. Pa 18 November 1965, pa msonkhano waukuru wa maepiskopi a dziko lonse lapansi wochedwa Vatican II, Papa Paul VI analengeza cikalata ca za kudziulula kwa Mulungu, cimene dzina lace pa Cilatini ndi Dei Verbum, ndiko kunena kuti Mau a Mulungu. Amene anacibvomereza anali 2,344, ndipo okana anali 6 okha. Cinthu coyamba cimene cikalataco citiphunzitsa ndi cakuti Mulungu anafuna kudziulula yekha, kuti anthu amdziwe ndi kukhala abwenzi ace. Anadziulula ndi nchito ndi mau pamodzi: anaitana Abrahamu, anaturutsa Aisraeli ku Ejipito, analankhula mwa aneneri, ndipo potsiriza anatuma Mwana wace. Yezu Kristu ndiye Mau a Mulungu enieni ndi athunthu. Buku lidadza pambuyo, monga mboni ya zimenezi.

Taganizani bwino za ici. Ambuye Yezu sanalembe buku ngakhale limodzi, ndipo potuma Apostoli anawalamula kuti akalalike ndi kubatiza. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Atesalonika, imene ophunzira ambiri aiyesa yoyamba kulembedwa mwa mabuku onse a Cipangano Catsopano, inalembedwa ca m'ma 50, patapita zaka ngati 20 cifere Ambuye. Mthenga Wabwino wa Marko unalembedwa ca m'ma 70. Zaka zonsezo akristu anali kubatizidwa, kunyema mkate pamodzi, ndipo ena monga Stefano anafera cikhulupiriro, Cipangano Catsopano cisanakhale m'manja mwa munthu ali yense. Anakhala ndi ciani? Anakhala ndi mau amoyo a Apostoli, opatsirana pakamwa ndi m'mapemphero ndi m'makhalidwe a mpingo. Ici ndico Eklezia acicha Mwambo Woyera. Mwambo umenewu ndi Malembo aturuka pa kasupe mmodzi, ndipo ndi mpingo womwewo umene unazindikira mabuku amene ayenera kuwerengedwa monga Mau a Mulungu. Ife a kumudzi sitiyenera kudabwa nazo, pakuti mbiri ya makolo athu inasungidwa pakamwa pa nkhalamba zaka zambiri munthu asanailembe.

Caciwiri, Eklezia aphunzitsa kuti Mulungu ndiye mwini wa Malembo, pakuti Mzimu Woyera ndiye anauzira olemba. Komanso aphunzitsa kuti anthu amene analembawo anali olemba enieni, ogwira nchito ndi nzeru zao, cinenero cao ndi luso lao. Baibulo silinagwe kucokera kumwamba monga matalala. Ndi nkhokwe ya mabuku 73, ndiwo 46 a Cipangano Cakale ndi 27 a Catsopano, olembedwa pa Cihebri, Ciaramu ndi Cigriki, ndi anthu osiyana pa zaka mazana ambiri. Olembawo sabisa zimenezi. Luka, poyamba Mthenga wace, afotokoza kuti anafufuza zonse mosamala kwa amene anaziona. Wolemba buku laciwiri la Amakabeo anena kuti anafupikitsa mabuku asanu a munthu wina dzina lace Yasoni wa ku Kirene, ndi kuti nchitoyo inamkhetsa thukuta ndi kumgoneka mocedwa. M'kalata yaciwiri ya kwa Timoteo mupezeka pempho lakuti amtengere Paulo copfunda cimene anacisiya ku Troa. Monga Mwana wa Mulungu anabvala thupi lathu, namva njala ndi kutopa, momwemonso mau a Mulungu anabvala cilankhulo ca anthu. Munthu amene acita manyazi ndi umunthu wa Malembo, posacedwa adzacitanso manyazi ndi khola la ku Betelehemu.

Cacitatu cituruka m'caciwirici. Ngati Mulungu analankhula mwa anthu ndi mwa njira za anthu, wofuna kumva Mulungu ayenera kufunsa cimene wolembayo anafuna kunena, ndi mtundu wa nkhani umene anasankha. Kodi ici ncacilendo kwa ife? Iai ndithu. Gogo akayamba nthano ya kalulu ndi njobvu madzulo pamoto, palibe mwana amene ati gogo wanama cifukwa kalulu salankhula. Onse adziwa kuti m'nthanomo muli coona ca khalidwe la anthu. Mboni ikaima pa bwalo la mfumu, mau ace timawayesa ndi muyeso wina. Nyimbo ya pa maliro, mwambi wa akuru, kalata ya mwana amene ali ku Joni, zonsezi tizimva ciri conse monga mwa mtundu wace, ndipo munthu wosokoneza nthano ndi umboni wa pa mlandu timseka. M'Baibulo namonso muli mbiri, malamulo, nyimbo, miyambi, mafanizo, makalata ndi masomphenya. Salimo likanena za mapiri obvina ngati nkhosa, tidziwa kuti ndi nyimbo. Ambuye atasimba za mwana wolowerera, palibe anafunsa dzina la mudzi wa atate wace.

Tsono tiyeni timyankhe mnyamata uja, monga anayenera kuyankhidwa. Ophunzira Malembo anaona kalekale cimene iye anaona, ndipo apeza kuti pa ciyambi ca Genesis pali nkhani ziwiri za kulenga, zocokera kwa aphunzitsi osiyana a Aisraeli ndi nthawi zosiyana. Amene anaziika pamodzi sanali wakhungu. Anaona kusiyanako, nasunga zonse ziwiri, cifukwa iri yonse ili ndi cuma cace. Yoyamba iphunzitsa kuti Mulungu mmodzi analenga zonse ndi mau ace, kuti dzuwa ndi mwezi si milungu monga anayesa mitundu yozungulira Israeli, kuti zolengedwa nzabwino, ndi kuti mwamuna ndi mkazi onse awiri ali m'cifanizo ca Mulungu. Yaciwiri iphunzitsa kuti munthu ndi dothi limene Mulungu analiumba monga mmisiri wa mbiya naliuzira mpweya, kuti anapatsidwa munda aulime ndi kuusunga, ndi kuti mkazi ndi mnzace wolingana naye. Eklezia ati Malembo aphunzitsa mosalakwa coona cimene Mulungu anafuna kuti cilembedwe cifukwa ca cipulumutso cathu. Sanalembedwe kuti akhale buku la sayansi la pa sukulu. Mnyamata uja akadamva yankho ili, akadabwerera kwao ndi cikhulupiriro cokula, ndipo sakadayesa kuti ayenera kusankha pakati pa mphunzitsi wa ku sukulu ndi Mulungu.

Ndidziwa cimene ena adzanena: "Izi ndi nzeru zatsopano za anthu osakhulupirira, zimene zalowa mu Eklezia mwakuba." Funso ili ndi loyenera kuliyankha moona, pakuti mantha amene anali mwa mkuru uja anakhalaponso ngakhale ku Roma. Pa msonkhano wa ku Trento m'caka ca 1546, Eklezia anakhazikitsa Baibulo la Cilatini lochedwa Vulgata kuti ndilo logwira nalo nchito poyera, ndipo kwa zaka zambiri Akatolika anatsamira pa ilo. M'zaka za m'ma 1800 ophunzira ena, makamaka a ku Germany, anayamba kufufuza Malembo monga afufuzira mabuku ena akale, ndipo ena a iwo anafika pokana zozizwitsa ndi umulungu wa Kristu. Abusa a Eklezia anaopa, ndipo cifukwa ca kuopa cinalipo. M'caka ca 1893 Papa Leo XIII analemba kalata yochedwa Providentissimus Deus, yocenjeza za zolakwazo, komanso yolimbikitsa ansembe kuphunzira zinenero zakale. Zaka zitatu m'mbuyo mwace, mu 1890, wansembe wa cipani ca Dominiko Woyera, Bambo Marie-Joseph Lagrange wa ku France, anali atatsegula sukulu ya Malembo ku Yerusalemu, kuti Baibulo liphunziridwe m'dziko momwe linabadwira. Munthu ameneyu anasauka nazo. Mu 1912 zina mwa zolemba zace zinaletsedwa m'maseminale, ndipo iye anacoka ku Yerusalemu kwa caka cimodzi. Sanagalukire Eklezia, anamvera, napirira, nabwerera ku nchito yace. Anamwalira mu 1938 asanaone zipatso zonse za khama lace.

Patapita zaka zisanu, pa 30 September 1943, nkhondo yaikuru ili mkati, Papa Pius XII analemba kalata yochedwa Divino Afflante Spiritu. M'menemo analamula ophunzira Acikatolika kuti afotokoze Malembo kucokera ku zinenero zimene analembedwamo, kuti asamale mitundu ya nkhani ya anthu akale a kum'mawa, ndi kuti athandizidwe ndi mbiri ndi zofukulidwa pansi. Anadzudzulanso iwo amene akaikira cinthu ciri conse cifukwa cokha cakuti ncatsopano. Ndipo onani cimene cinatsata. Mu 1947 abusa a ziweto anapeza mipukutu yakale m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa. Umodzi wa iyo unali buku lonse la mneneri Yesaya, lolembedwa Kristu asanabadwe, lakale ndi zaka ngati 1,000 kuposa mabuku Acihebri a Yesaya amene anadziwika nthawiyo. Wotsogolera kufukula malowo anali Bambo Roland de Vaux, wa sukulu yomwe ija ya Lagrange. Atalinganiza mpukutuwo ndi mabuku a pambuyo, anapeza kusiyana m'malembedwe ndi m'mau ena, koma uthenga wa mneneri unali womwewo. Kufufuza kumene anthu anakuopa ndiko kunaonetsa kukhulupirika kwa alembi amene anasunga Mau a Mulungu.

Ngakhale zinali cotero, mkangano sunathe msanga. Pamene Vatican II inayamba mu 1962, cikalata coyamba cimene anakonzera maepiskopi pa nkhani iyi cinali codzala ndi mantha akale aja. Pa 20 November caka comweco maepiskopi 1,368 anati cicotsedwe, ndipo 822 anati apitirize naco. Ofuna kucicotsa sanakwane magawo awiri mwa atatu monga linafunira lamulo la msonkhano, koma m'mawa mwace Papa John XXIII anacicotsa yekha, nalamula kuti cilembedwe cina. Anakambirana zaka zitatu kufikira Dei Verbum inabadwa. Cotero kucokera pa kalata ya Leo XIII kufikira pa cikalata ici panapita zaka 72. Mlandu umene akuru auweruza zaka 72, ndi kuumaliza ndi mau a anthu 2,344 potsutsana ndi 6, sungachedwe cinthu colowa mwakuba. Wokaniza mwana kufunsa lero ali kudzutsa mlandu umene Eklezia anaugamula kale.

Wina adzati: "Za Genesis tamva, nanga Mithenga Yabwino? Kodi ophunzirawa sati nayonso ndi nthano?" Eklezia akana zimenezo kwa mtu wa galu. Aphunzitsa molimba kuti Mithenga inai isimba mokhulupirika zimene Yezu anacitadi ndi kuphunzitsa. Koma mu 1964 bungwe la Papa loona za Malembo linafotokoza kuti uthengawo unatifika pa makwerero atatu: zimene Yezu anacita ndi kunena, zimene Apostoli analalika ataunikiridwa ndi kuuka kwace, ndi zimene olemba anai anasankha ndi kulongosola, yense poganizira mpingo umene anaulembera. Ndico cifukwa cace pemphero la Atate Athu ndi lalitali mwa Mateyo ndi lalifupi mwa Luka, ndipo mau olembedwa pamwamba pa mtanda asiyana pang'ono m'Mithenga yonse inai. Mfumu yodziwa kuweruza milandu ikamva mboni zinai zinena mau amodzimodzi osasiyana ngakhale liu limodzi, idziwa kuti zinapangana kuseri kwa nyumba. Mboni zoona zigwirizana pa mutu wa nkhani, koma iri yonse isimba monga inaonera.

Tsopano ndinene za ngozi imene kuletsa mafunso kwatibweretsera. Mkristu amene anaphunzitsidwa kuti Mau a Mulungu safunsidwa alibe cida tsiku limene afika munthu wodzicha mneneri, ndi Baibulo m'dzanja ndi vesi limodzi pakamwa. Munthu wotere atola vesi monga atolera mphale m'licero, osasamala zapatsogolo ndi zapambuyo pace, ndipo ndi vesi lomwelo auza mai wamasiye kuti agulitse mbuzi yace yotsiriza, kapena auza wodwala kuti ataye mankhwala a ku cipatala poonetsa cikhulupiriro. Ena atenga masomphenya a Danieli ndi a Cibvumbulutso, mabuku olembedwa m'zizindikiro kuti alimbitse mitima ya ozunzidwa, nawerengera nao tsiku la kutha kwa dziko. Kumbukirani kuti Satana yemwe, poyesa Ambuye pamwamba pa Kacisi, anachula Salimo 91. Kalata yaciwiri ya Petro icenjeza kuti m'makalata a Paulo muli zina zobvuta, zimene anthu osaphunzira azipotoza nadziononga nazo. Mu 1993 bungwe lija la Papa linacenjezanso kuti kuwerenga liu ndi liu kosasamala mbiri ndi mtundu wa nkhani nkoopsa, cifukwa kunyenga anthu osauka mtima ndi mayankho apafupi. Makolo adati safunsa adadya phula. Tikaletsa ana athu kufunsa, tili kuwakonzera phula lomwelo.

Koma nanunso ophunzira, musayese kuti ndakukometserani mlandu wonse. Alipo ena amene, atalawa pang'ono maphunziro, asenda Malembo monga asenda mbuzi, naonetsa anthu mafupa ndi cikopa, osawapatsa nyama. Dei Verbum yomweyo inena kuti Malembo awerengedwe mwa Mzimu yemwe anawalembetsa, poyang'ana umodzi wa Baibulo lonse ndi Mwambo wamoyo wa Eklezia. Papa Benedict XVI anabwereza cenjezo limeneli mu 2010, kuti kufufuza mbiri kukalekana ndi cikhulupiriro, Baibulo lisanduka buku la zakale cabe. Udindo wa kumasulira motsimikiza uli ndi maepiskopi pamodzi ndi Papa, koma iwonso sali pamwamba pa Mau a Mulungu; ali atumiki ace, oyenera kuwamvera poyamba asanaphunzitse ena. Mutu umodzi susenza denga: wophunzira afuna mpingo, ndipo mpingo ufuna wophunzira.

Zipatso za ciphunzitso ici tazidya ngakhale ife kuno, ambiri osadziwa mtengo wace. Abale athu Aciprotestanti, motsogozedwa ndi William Murray, anatsiriza Buku Lopatulika mu 1922. Akatolika analandira Baibulo lonse m'cinenero cathu mu 1966, ndilo Malembo Oyera, nchito ya Bambo Louis Villy wa cipani ca White Fathers. Dei Verbum inafuna kuti khomo la ku Malembo litseguke kwa akristu onse, niloleza kumasulira pamodzi ndi akristu a mipingo ina. Ndipo mu 1998 linaturuka Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti analimasulira atakhala pa mphasa imodzi. Kuyambira mu 1969 mawerengo a pa Misa ya tsiku la Mulungu anakonzedwa m'zaka zitatu, caka ca Mateyo, ca Marko ndi ca Luka, kotero kuti mkristu wosajomba amva gawo lalikuru la Mithenga Yabwino ndi zambiri za Cipangano Cakale. Agogo athu anamva Misa pa Cilatini; ife tikhala m'miphakati ndi buku pa maondo. Amene anatipatsa bukulo anadziwa kuti munthu wowerenga ndi mtima wonse sadzalephera kufunsa.

M'buku la Nchito za Apostoli, mutu 8, muli nkhani ya munthu wa kuno ku Afrika, nduna ya cuma ya mfumukazi ya Aitiopia, amene anali kuwerenga Yesaya m'gareta wace pobwerera kwao. Filipo atamfunsa ngati ali kumva zimene awerenga, ndunayo inabvomera kuti singathe popanda woitsogolera, nifunsa za yani mneneri ananena mauwo. Filipo sanaidzudzule. Anakwera m'gareta, nakhala pambali pace, nayamba pa lemba lomwelo kuifotokozera za Yezu, ndipo funso lija linathera m'madzi a ubatizo.

Cifukwa cace ndikupemphani inu akuru a mpingo, akatekisti ndi atsogoleri a miphakati: mwana akafunsa cimene simucidziwa, palibe manyazi kunena kuti, "Mwanawe, wafunsa bwino, ine sindidziwa, koma tikafunse kwa Bambo Mfumu akadzabwera, kapena tione mau ofotokozera amene ali m'munsi mwa tsamba." Yankho lotere lisunga ulemu wanu ndi cikhulupiriro ca mwanayo pamodzi. Pemphani ansembe anu kuti akonze masiku a maphunziro a Baibulo pa parishi, ndipo inu mukhale oyamba kufika. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli mnyamata kapena mtsikana amene analeka kubwera cifukwa anatsekedwa pakamwa, musadikire Pasaka. Pitani kwao sabata lomwe lino, mutenge Baibulo, mukatsegule naye pa Genesis mutu woyamba, ndipo mukayambire pa funso limene iye anafunsa.